Nyumba ya makolo tagumula, yatsopano timangire chiyani? Njerwa zowotcha, mabuloko, ma SSB ndi zidina

Nyumba ya makolo athu ku Chiradzulu sinagwe usiku wa namondwe Freddy. Inapirira ndithu, koma mvula ya mu Malichi 2023 ija itakata tinapeza khoma la kuchipinda kwa amayi litang'aluka kuchokera pazenera mpaka pansi, mng'alu wolowa dzanja, ndipo chitseko chinasiya kutsekeka. M'misiri atabwera sanalankhule zambiri. Anapempha khasu, anakumba m'mbali mwa khoma, n'kutionetsa maziko: mizere itatu ya njerwa zomangira matope, zomwe zinkangofumbutuka ukazigwira. Mu Juni tinaigumula tokha, amayi n'kusamukira m'khitchini.

Mkangano unayambira pomwepo. Achimwene a ku Joni, omwe ndiwo amatumiza ndalama zambiri, anati mabuloko basi. Amalume anati njerwa zowotcha ndiye nyumba, zinazo ndi zachibwana. Mlongo wanga anali ataona ma SSB (njerwa zosawotcha za dothi losakaniza simenti) pasukulu imene amaphunzitsa ndipo anawakonda. Zimene ndalemba apazi ndi zimene tinaphunzira pokangana, pofunsa amisiri ndiponso potaya ndalama.

Zoyenera kuyeza musanagule kanthu

Choyamba ndi mtengo, koma musamawerengere njerwa imodzi. Werengerani khoma lomalizidwa: njerwazo, simenti ya daka ndi ya pulasitala, mchenga, madzi, galimoto kapena ngolo, m'misiri ndi madakaboyi ake, kuphatikizapo zosweka panjira. Ine ndinasiya kuwerengera m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kotesheni imene tinalemba mu Julayi inali itasanduka pepala loyatsira moto pofika Khirisimasi. Funsani m'misiri kuti ntchitoyo idya matumba angati a simenti. Thumba ndi makilogalamu 50 lero ndi mawa, pamene kwacha sidziwika.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipangizozo kwanuko, pa nyengo imene mukumanga, pamodzi ndi m'misiri wozidziwa. Chachitatu ndi kasamalidwe, kapena kuti zimene nyumbayo izikufunsani chaka ndi chaka. Chachinayi ndi zoopsa zake: madzi, chiswe, chivomerezi (a ku Karonga sanaiwale Disembala 2009, a ku Salima 1989), achinyengo ndi malamulo.

Pamwamba pa zinayizi pali mafunso awiri amene kwa ine ndiwo amagamula nkhani. Kodi ndalama zanu zimabwera kamodzi, kapena zimadontha mwezi ndi mwezi? Nanga ndani azikhala pamalopo tsiku lililonse n'kumaona thumba lililonse likamatsegulidwa? Palinso funso lowawa la chimene chinagwetsa nyumba yakaleyo. Ngati inali m'njira ya madzi, ngati zija zinakokoloka ndi Freddy m'munsi mwa phiri la Soche ku Chilobwe, kapena ngati khonsolo ndiyo inagumula chifukwa panalibe pulani yovomerezeka, palibe njerwa imene ingakupulumutseni. Yambani ndi malo ndi mapepala. Ndipo ngati ndi malo a banja, mwini mbumba ndi amfumu akhalepo pogwirizana kuti nyumbayo ndi ya yani, maziko asanakumbidwe.

Njerwa zowotcha

Mtengo. Ngati muli ndi dothi labwino ndi anthu, iyi ndi njira imene imayamba ndi ndalama zochepa. Chikombole sichidula, oumba mumawalipira pa sauzande iliyonse, ndipo ena amalola chimanga. Ndalama imathera pa nkhuni ndi pa daka. Njerwa za m'mudzi sizifanana, ina yaitali ina yopindika, ndiye m'misiri amawongola khoma ndi daka lokhuthala. Khoma lakunja la njerwa ziwiri limadya njerwa zopitirira 100 pa sikweya mita, ndipo mzere uliwonse umafuna simenti. N'chifukwa chake ambiri amathawira ku matope n'kungopaka simenti kunja. Nyumba yathu yakale inamangidwa choncho, ndipo mwamva mmene inathera.

Kupezeka kwake. Paliponse m'Malawi mupeza uvuni, ndipo m'misiri aliyense amazidziwa. Koma zili ndi nyengo. Kuumba kumayamba anthu akakolola, kuwotcha kumachuluka mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mukachedwa mvula yoyamba imasungunula zosawotcha zili pabwalo. M'tauni mumagula pa lole, ndipo mtengo wa galimoto nthawi zina umafanana ndi wa njerwazo. Nkhuni ndiye vuto lenileni. Kwathu uvuni umodzi umatanthauza mitengo ya mango ingapo, ndipo amayi anakaniratu kuti wa pakhonde uja, umene anabzala bambo, usakhudzidwe.

Kasamalidwe. Njerwa yopsa bwino, yomangira simenti, siifuna zambiri. Mukhoza kukhala zaka osapaka pulasitala kunja bola mizere itatsekedwa bwino. Ubwino wina waukulu ndi woti njerwa yowotcha imadikira. Mukhoza kuziunjika chaka chino, kumanga mpaka pazenera chaka chamawa, n'kufolera chaka chinacho.

Zoopsa zake. Uvuni umodzi umatulutsa njerwa za mitundu itatu: zapakati zopsa bwino, za pafupi ndi moto zopserera n'kupindika, ndi za m'mbali zosapsa, zimene wogulitsa amazibisa pansi pa lole. Amalume anatiphunzitsa kuyesa. Mumagundanitsa ziwiri: yabwino imalira ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu. Ina muiviike mu ndowa usiku wonse, m'mawa muikande ndi chikhadabo. Maenje otsala mukaumba amasunga madzi, udzudzu n'kuswana, ndipo ndi oopsa kwa ana. Za malamulo, kuyambira 2018 malamulo a NCIC, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Ngati nyumba yanuyo idzakhala ndi mashopu kutsogolo, kapena ili m'dera limene khonsolo imayendera, funsani kaye musanaode lole.

Mabuloko a simenti

Mtengo. Buloko limodzi limaoneka lodula, ndipo amalume ankaseka akamva mtengo wake. Koma mabuloko 12 kapena 13 amakwana sikweya mita yonse, mizere ndi yochepa, daka ndi lochepa, ndipo m'misiri amamaliza msanga. Mukawerengera khoma lonse lomangira simenti, kusiyana kwake ndi njerwa kumachepa kwambiri, m'tauni mwina mabuloko n'kutsikirako. Chovuta n'choti ndalama zonse ndi za m'thumba. Simungalipire simenti ndi thukuta kapena ndi chimanga. Walira mvula walira matope: amene wasankha mabuloko wadzimangirira ku mtengo wa simenti mpaka nyumba ithe.

Kupezeka kwake. Ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba oumba mabuloko ali m'mbali mwa misewu yambiri. Kumudzi ndi nkhani ina: mabuloko ndi olemera, amasweka pa msewu wa mabampu, choncho ambiri amabwereka chikombole chachitsulo n'kuumbira pamalopo, ngati mchenga wa kumtsinje uli pafupi. Simenti ya m'dziko muno imachokera ku Shayona ku Kasungu, ku Portland ku Blantyre ndi ku Cement Products ku Mangochi, ndipo ina, monga Dangote, imalowa kuchokera ku Zambia. Ndalama zakunja zikasowa, simenti nayo imasowa kapena kukwera mtengo mosayembekezeka. Musati mupambane pogula yambiri n'kusunga. Ife tinagula matumba 20 n'kuwaika pansi m'khitchini mwa amayi, ndipo patatha miyezi itatu anayi anali atauma ngati miyala. Simenti imafuna kukhala pamatabwa, kutali ndi khoma, ndipo isagone nthawi yaitali.

Kasamalidwe. Mabuloko amafuna pulasitala kunja chifukwa amamwa madzi mvula ikamawomba cham'mbali. Ming'alu yaing'ono imakonda kutuluka m'makona a mazenera. Kukhoma msomali wa katani kapena shelefu kumavuta chifukwa m'kati ndi mphako. Chiswe sichidya simenti, koma chimayenda m'mphakozo mpaka kukafika ku matabwa a denga inu osaona.

Zoopsa zake. Apa ndi pamene anthu akuberedwa kwambiri masiku ano. Buloko lofooka ndi lolimba amafanana maonekedwe. Woumba akafuna phindu amachulutsa mchenga, thumba limodzi n'kutulutsa mabuloko ochuluka, kenako n'kuwagulitsa asanakhwime. Buloko limafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7, ndipo simenti imafika pafupifupi pa mphamvu yake yonse pa masiku 28. Mukamanga ndi laliwisi, limafota lili pakhoma, khoma n'kung'aluka. Mukafika pogula, funsani kuti thumba limodzi amatulutsa angati; akatchula nambala yaikulu monyadira, tsanzikani. Tengani limodzi, lipereseseni pakona ndi chala. Likamayoyoka mchenga, ndi la mpanda wa nkhuku. Gulani limodzi mulinyamule kufika m'chiuno n'kulisiya ligwe pa nthaka yolimba. Kwa achimwene a ku Joni, omwe ankaona nyumba pa zithunzi za pa WhatsApp, vuto linali lomweli: chithunzi sichionetsa kuchuluka kwa simenti. Koma mabuloko ali ndi mwayi umene njerwa zilibe. M'mphako za m'makona mukhoza kulowetsa chitsulo n'kuthira konkire, ndipo kumadera a zivomerezi ngati Karonga zimenezi ndi zofunika.

Ma SSB, njerwa za dothi losakaniza simenti

Izi ndi njerwa zosawotcha, zoumbidwa ndi dothi losefa, simenti pang'ono (kawirikawiri pakati pa magawo 5 ndi 10 pa 100 aliwonse) ndi madzi ochepa, n'kuzipanikiza ndi makina. Masukulu ambiri atsopano ndi nyumba zomangidwa ndi mabungwe zili ndi makoma otere.

Mtengo. Simenti imalowa yochepa kuyerekeza ndi mabuloko, nkhuni palibe, ndipo ngati dothi lili pamalopo galimoto yonyamula njerwa simuifuna. Zina zimaumbidwa zolowana zokhazokha, zimenezi zimafuna daka lochepa zedi, ndipo khoma lake limaoneka bwino popanda pulasitala. Koma muonjezerepo kubwereka makina ndi kulipira gulu lodziwa ntchitoyo. Pa kanyumba ka zipinda ziwiri, kubweretsa makina kuchokera kutali kumadya phindu lonse. Mabanja atatu kapena anayi akamanga nthawi imodzi n'kugawana makinawo, pamenepo ndiye zimatsika mtengo zenizeni.

Kupezeka kwake. Makina alipo a manja ndi a injini, monga a Hydraform, koma sali m'mudzi uliwonse, ndipo amisiri ozolowera njerwa zowotcha ambiri amazikana kapena amazimanga molakwika. Dothi nalonso limasankha. Lapamwamba la kumunda silifunika, la makande la kudambo limang'aluka. Limafunika lapansi, ngati katondo wokhala ndi mchenga wokwanira. Mlongo wanga anatiyesera ndi botolo: anathiramo dothi kufika pakati, anadzaza madzi, anakhutchumula, n'kuliika pazenera. M'mawa mchenga unali pansi, dothi losalala pamwamba pake, ndipo lathu linapezeka kuti dongo lachuluka, likanafuna kuonjezera mchenga wogula.

Kasamalidwe. Nyumba yake imazizira bwino m'chilimwe kuposa ya mabuloko. Mizere ya m'munsi ndi imene imafuna diso, chifukwa madzi odontha kudenga akamathovukira pakhoma amaidya pang'onopang'ono. Pakani pulasitala m'munsimo kufika m'mawondo, ndipo denga litulukire kunja mokwanira.

Zoopsa zake. Chilichonse chimadalira muyeso. Wosakaniza akabisa theka la thumba, njerwa zimatuluka zokongola chimodzimodzi, n'kudzayamba kufumbutuka patatha mvula ziwiri. Zimafunanso kufunditsidwa ndi pulasitiki n'kumathiriridwa milungu ingapo, ntchito imene aganyu amaithawa mwini wake akachoka. Ndipo musamangire maziko. Pansi pakhale miyala, mabuloko kapena njerwa zopsa bwino.

Zidina

Anthu amachita nazo manyazi, koma musazinyoze msanga.

Mtengo. Palibe chotsika kuposa izi: dothi, madzi, chikombole ndi dzuwa. Ndalama imene mwapulumutsa ikhoza kupita ku maziko a simenti ndi malata abwino.

Kupezeka kwake. Paliponse m'chilimwe, ndipo banja likhoza kuumba lokha.

Kasamalidwe. Apa ndiye pali ntchito ya chaka ndi chaka: kumata, kuzira, kuthamangitsa chiswe. Pulasitala wa simenti sagwirana bwino ndi dothi, amatukumuka n'kugwa zigamba zigamba, madzi n'kumabisala kuseri kwake. Dothi losakaniza mchenga kapena laimu limagwira bwinoko.

Zoopsa zake. Madzi. Mvula ya masiku angapo yowomba ndi mphepo, ngati ya namondwe Ana mu Januwale 2022 kapena ya Freddy, imafewetsa khoma mpaka denga kulikhalira. Kumalo osefukira ngati kuchigwa cha Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, zidina zikakhala m'madzi zimabwerera kukhala matope. Pamtunda pouma, ndi maziko okwera komanso khonde lozungulira nyumba yonse ngati mmene ankamangira agogo, zimakhala zaka zambiri.

Zotsala za nyumba yakale

Mtengo. Zaulere, kupatula ntchito, bola mugumule mwaulemu. Musalole anyamata kukankha khoma lonse kuti amalize msanga. Yambani kudenga, zulani misomali, tsitsani mafelemu, kenako njerwa mzere ndi mzere. Apa matope aja anatithandiza: njerwa zomangira matope zimayera ndi chikwanje chabe. Adzukulu a amayi ankakhala pansi pa mango uja madzulo alionse, kupala ndi kuunjika, ndipo tinapulumutsa zoposa theka. Zomangira simenti zambiri zimasweka.

Kupezeka kwake. Zili pomwepo, koma sizikwana nyumba yonse.

Kasamalidwe. Malata akale ali ndi mabowo a misomali ndipo adzadontha, choncho apite kukhitchini kapena kubafa. Mafelemu achitsulo amangofuna kupala dzimbiri ndi penti.

Zoopsa zake. Matabwa akale akhoza kusamutsira chiswe m'nyumba yatsopano. Alaseni ndi msomali, ofewa apite pamoto. Ngati denga linali la asibesitosi, ngati nyumba zina zakale za boma ndi za m'maesiteti, musaliswe, musalicheke, musasese fumbi lake louma, chifukwa limawononga mapapo. Zidutswa za njerwa musataye, ndi zabwino kutsira pansi musanathire konkire.

Zimene simungazembe, kaya mwasankha chiyani

M'misiri wathu ankati, "Bwana, khoma ndi chovala chabe, nyumba ndi phazi ndi chipewa." Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, amangidwe ndi simenti, ndipo akwere pamwamba pa pamene madzi amafika. Pamwamba pake payalidwe pulasitiki yakuda ija amati DPC, kuti chinyontho chisakwere. Waya wolimbitsa khoma uja amati brikifosi alowe m'mizere ingapo iliyonse, makamaka m'makona. Pamwamba pa mazenera pazungulire ring'ibimu ya konkire ndi zitsulo, osati malintala apa ndi apo. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wochokera m'mizere ya m'munsi, osati kutsindika ndi miyala. Pogula malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikakula, lata limapyapyala: 28 ndi lolimba kuposa 32. Ngati ndalama zachepa, chepetsani zipinda, izi musachepetse.

Nanga inu musankhe ziti?

Ngati ndalama zabwera kamodzi, monga chipukuta misozi cha msewu umene wadutsa pamalo panu, penshoni kapena ngongole, ndipo muli m'tauni, tengani mabuloko kwa woumba amene mwamuyesa, mumange mofulumira kwacha isanagwenso. Pulani ivomerezedwe kukhonsolo kaye, makamaka ngati yoyambayo inagumulidwa pa nkhani ya mapepala.

Ngati ndalama zimadontha, za fodya chaka chino, za banki m'khonde chaka chamawa, ndipo muli kumudzi kumene muli ndi mitengo yanu ya bulugamu yobzala, njerwa zowotcha zimapirira kudikira. Koma mumangire simenti, osachepera maziko, makona ndi mizere ya pansi pa denga.

Ngati mukutumiza ndalama muli ku Joni, Harare kapena London ndipo palibe wachibale wokhulupirika wokhala pamalopo, pewani chilichonse chosakanizira pamalopo, kaya ma SSB kaya mabuloko oumba nokha. Gulani zoumbaumba, lipirani pa gawo lililonse likatha, ndipo pezani m'misiri wachiwiri wosadziwana ndi woyambayo kuti azikayendera.

Ngati ndinu mabanja angapo amene mwasamutsidwira malo amodzi, dothi lake ndi labwino ndipo pali wina wodziwa muyeso, ma SSB ndiwo angakupatseni nyumba yabwino pa simenti yochepa. Ngati mulibiretu ndalama ndipo mvula yayandikira, koma malo anu ndi okwera, zidina pa maziko a simenti ndi khonde lalikulu zikhoza kukusungani, kenako n'kudzasanduka khitchini. Kumalo osefukira, ndalama yoyamba ipite kopeza malo okwera kapena kukweza maziko.

Ife tinasakaniza. Maziko tinamangira mabuloko odzaza konkire, kuti achimwene mtima ukhale pansi. Makoma akunja tinagula njerwa zowotcha kwa munthu wa mudzi woyandikana, amalume akugundanitsa ziwiriziwiri mpaka wogulitsa kutopa nawo. Makoma a m'kati ndi njerwa zija anapala adzukulu. Amayi analowa sabata ya Khirisimasi m'zipinda ziwiri zofolera, ndipo chachitatu chidakali pazenera, tachifunditsa pulasitiki pamwamba, chikudikira soya wa chaka chino.